Masiku Khumi Opanda Netiweki

Chawanangwa anaphunzira kukwera mafunde pa thabwa ali pa yunivesite, anzake atamutengera kunyanja ku Ocean City, ku America. Tsiku loyamba anamwa madzi amchere mpaka kusanza, koma Loweruka lotsatira anabwereranso. Patapita zaka zisanu ndi zitatu, akugwira ntchito ku bungwe lina la zaumoyo ku Arlington, ankayendetsabe galimoto maola atatu kupita kunyanja, thabwa atalimanga padenga.

Mtima wake wonse unali pa zilumba za Mentawai ku Indonesia. Bruce, mzungu wa m'gulu lawo la okwera mafunde, anakonza boti la anthu asanu ndi atatu loti lizungulire zilumbazo masiku khumi, kumalo kumene madzi ndi ofunda ndipo foni siigwira. Chawanangwa analembetsa dzina kudakali chaka chathunthu, tchuthi n'kupempheratu.

Mu ofesi yomweyo munali Mubanga wa ku Kitwe ku Zambia, amene Chawanangwa anamuphunzitsa yekha kuima pa thabwa. Naye ankaufuna ulendowo, koma anachedwa, anapeza boti litadzaza.

Kutatsala masiku asanu, bwana wawo, a Patience, anamuitana Chawanangwa.

"Pepani kwambiri. Mayi ake a Mubanga ali kuchipatala ku Kitwe, akuti zinthu sizili bwino. Anyamuka mawa. Lipoti la chaka chino mumalidziwa ndinu awiri basi, ndiye tchuthi chanu chiyambe chadikira."

Chawanangwa anakalirira m'bafa, nasamba kumaso, n'kupita pa desiki ya Mubanga kukamupepesa. Anamukumbatira.

"Bamayo badwala maningi, mwandi," anatero Mubanga akuyang'ana pansi. "Manje ningachite bwanji?"

Madzulo omwewo Chawanangwa anamulembera Bruce kuti malo ake apatse wina.

Loweruka m'mawa foni inalira. Bruce anali atatumiza chithunzi ali padoko, boti lisananyamuke. Pansi pake analemba kuti amusowa kwambiri, koma mwamwayi mnzake uja anatenga malowo msanga. Chawanangwa anachikulitsa chithunzicho ndi zala. Kumapeto kwa mzere kunali Mubanga, ali chisekere, atakumbatira thabwa latsopano lachikasu.

Anaimba nthawi yomweyo. Foni sinalowe. Boti linali litapita kale.

Lamlungu ku tchalitchi ku Springfield anakumana ndi Ellen, mkazi wa Mubanga, akumanga mwana lamba m'galimoto.

"Asisi, inu mwatsala?" anafunsa Ellen. "Anzanu ali ku msonkhano ku Jakarta. Akuti netiweki ndi yovuta, tisamadabwe akakhala zii."

"Ku msonkhano," anatero Chawanangwa. "Eya. Ine andisiyira lipoti."

Pobwerera kunyumba sanatsegule wailesi. Munthuyo anali atanama pawiri, bodza lina ku ofesi, lina kunyumba, ndipo kwa sabata yathunthu analibe njira yowatetezera mabodza akewo. Chawanangwa anaona kuti iye sakufunika kupeka kalikonse. Ntchito yake inali kungowakumanitsa anthu awiri.

Lolemba anagula khadi, aliyense mu ofesi nasainamo. Kenako anagogoda kwa a Patience.

"Kwathu munthu akadwazika sitimangotumiza uthenga, timapita kukaona banja. Mkazi wake ali yekha ndi ana awiri ku Greenbelt. Mutapita inuyo monga bwana, angalimbe mtima."

A Patience anavomera, maluwa anagula okha.

Lachitatu masana Ellen anatsegula chitseko atanyamula mwana m'chiuno. Anayang'ana maluwawo, nayang'ana nkhope zawo zachisoni.

"Chachitika n'chiyani ku Jakarta?"

"Ku Jakarta?" anadabwa a Patience. "Tabwera kudzakuonani chifukwa cha matenda a apongozi anu."

Ellen anatsitsa mwana. Anatenga foni, naimbira apongozi akewo pa vidiyo. Pagalasi panaoneka mayi wonenepa bwino, duku lofiira kumutu, akutseka shopu yawo ya zitenje.

"Amayi, muli bwanji m'thupi?"

"Nili che bwino, mwana wanga. N'chifukwa chani?"

"Akuti muli m'chipatala. Akuti Mubanga ali nanu kumeneko."

"Ine? Mu chipatala? Uyo mwana anipha nikali moyo?"

Apo Chawanangwa anatulutsa foni yake, natsegula chithunzi chija, n'kuiika pa tebulo pakati pa awiriwo. A Patience anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa Chawanangwa.

"Munkadziwa tisanabwere."

"Ndinkadziwa."

Ellen sanalire. Anangonena kuti, "Mukanandiuza Lamlungu lija, pa awiri." Mawu amenewo anamubaya Chawanangwa, koma sanapepese.

Masiku otsalawo anagwira lipoti ndi mtima wopepuka. Nthawi ya nkhomaliro ankatsegula mapu pa kompyuta n'kumayerekeza pamene boti lafika. Ankamuona Mubanga m'maganizo akudya nsomba zowotcha, akuseka, osadziwa kuti foni yake ikudzaza mauthenga ochokera ku Kitwe, kwa abusa ndi kwa alamu ake.

Mubanga anatera pa bwalo la ndege la Dulles Lachinayi la sabata yotsatira. Palibe anapita kukamuchingamira. Lachisanu analowa mu ofesi khungu la pamphuno likusupuka, akutsimphina ndi bala la matanthwe a m'nyanja pa mwendo. Kwa a Patience anakhalako mphindi khumi zokha, natuluka n'kuyamba kulongedza zinthu zake m'katoni.

Anamupeza Chawanangwa pa chikepe.

"Iwe, ulendo chabe! Nchito yasila, Ellen ayenda na bana kwa sisi wake. Zonse izi chifukwa cha boti?"

"Ndinakukumbatira, Mubanga. Ndinawapempherera mayi ako."



"Tandiuza chimodzi," anatero Chawanangwa. "Mafunde anali bwanji?"

Mubanga anayang'ana katoni yake. "Yenze yakulu maningi. Masiku yambiri nenze chabe mu boti."

Chawanangwa anaseka mpaka anthu a m'maofesi ena anasuzumira. Chikepe chitatseguka anamusiya alowe yekha, iye n'kubwerera ku desiki kukalemba kalata yopempha tchuthi.