Makhadi a Luse Pakhoma

Philomena anali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene analonjeza. Mlongo wake Wilbroad anali womangidwa mwendo ndi chingwe cha mbuzi kumtengo wa mango, kuseri kwa nyumba yawo ya khonsolo ku Matero, akugwedezeka uku ndi uku osayankhula, monga mwa masiku onse. Philomena anamupaka mafuta pachilonda cha m'kakolo nati, "Ine nikabala mwana monga iwe, sinizamumanga. Olo nife."

Wilbroad anamwalira asanamere ndevu. Mango aja anadulidwa, pabwalo lililonse panamera timalumu ta lendi ndi mabala a mowa, ndipo phokoso limene kale linkadikira Lachisanu linalowa sabata yonse. M'Matero wotereyu ndi mmene Philomena anaberekera Luse.

Kuchipatala anati mwanayo ali ndi otizimu, vuto la muubongo lobadwa nalo. A mumsewu anali ndi maina awoawo. Kuwerenga sikunkamuvuta Luse. Chovuta chinali kusiya chinthu n'kuyamba china. Chitsulo cha gudumu, chomwe chinali belu la pasukulu, chikalira, ankadzigwetsa pansi atatseka makutu. Mphunzitsi wake wa giredi 3, a Kombe, anajambula zithunzi ndi foni yawo: geti, chitseko cha kalasi, desiki, mpopi, chimbudzi, ndipo chomaliza Philomena ali pathebulo lake la tomato pamsika wa Lilanda. Anazikuta ndi pulasitiki n'kuzitunga pachingwe cha nsapato. Luse ankazivala m'khosi. Chinthu chikatha ankatembenuza khadi, n'kudziwa kumene akupita. Chaka chonsecho Philomena sanaitanidweko kusukulu.

A Kombe atamva kuti awasamutsira kwina, anajambula chitseko cha giredi 4, namuyendetsa Luse katatu mpaka pakhomo pake. Mu Januwale analowa yekha m'kalasi la Madamu Gloria.

Sabata yachitatu kunamveka kuti kukubwera woyendera sukulu, amene amafuna kuona zophunzitsira zitapachikidwa pamakoma. Makoma a Madamu Gloria anali mbee. Tsiku limenelo Luse anabwerera kunyumba khosi lili lopanda makhadi, akulikanda mpaka magazi.

M'mawa mwake Philomena anawapeza makhadi aja m'kalasi la Madamu. Anali omatidwa ndi guluu papepala lalikulu pamwamba pa bolodi, osanjidwa ngati duwa, chimbudzi pakati.

"Ba Madamu, napapata, nipaseniko makadi ya mwana. Siangayende popanda yaja."

"Ba make Luse, nili na bana eite-foro muno. Aliyense nimupangile vokoloweka mu mukosi? Vinthu va mu kalasi ni va bonse."

"Banapangila yeve ba Kombe."

"Ba Kombe bali kuti manje? Mwamulekelela maningi uyu mwana. Mwana wa mu komboni afuna vinthu va bazungu!" Madamu anakweza mutu, naloza ndi choko. "Onani, na imwe mulipo apo. Mwaoneka bwino na tomato zanu. Muzachuka."

Ana anaseka. Philomena anasekako pang'ono nayenso, poopa kuipitsa zinthu, ndipo kuseka kumeneko kunamuwawa njira yonse ya kumsika.

Woyendera uja anafika Lachinayi. Anaima patsogolo pa duwa lija, nagwedeza mutu mokondwa, nalemba m'buku mwake kuti m'kalasi muno mwana wolumala amaganiziridwa. Kenaka chitsulo chinalira. Luse anagwira pakhosi, sanapeze kanthu. Anakwera padesiki, nalumphira pathebulo la Madamu, nayamba kukanganula makhadi ndi zikhadabo. Madamu anamukoka mwendo. Luse anawaluma dzanja.

"Chofunta! Chofunta!" ana anaimba momutcha wamisala, akumenya madesiki.

A hedi anamuitanitsa Philomena kuofesi, koma sanamupatse mpando. "Mwana wanu watichitisa manyazi pamenso pa balendo. Asabwele futi. Muyende naye ku mapemphelo, olo kuja basunga bana monga uyu."

"Makadi yake nayo?"

"Yasala ku khoma. Yalembewa mu lipoti, siyangachoke."

Koma Luse sanadziwe kuti wachotsedwa. Tsiku lililonse kukacha ankavala yunifolomu, n'kutuluka. Kawiri mlonda wa pasukulu anamuthamangitsa pageti ndi mkwapulo. Philomena anayesa kupita naye kumsika. Sipikala ya ogulitsa nyimbo itangolira, Luse anagubuduza thebulo la mnzake wa amake, wogulitsa tinsomba ta kapenta. Philomena anayesa kumutsekera m'nyumba. Luse anatulukira pawindo, galasi litamucheka mkono. Nambala ya a Kombe sinkalowanso. Philomena anakhala pakhomo masiku anayi, tomato akuwolera m'dengu, ufa ukutha m'thumba.

Lachisanu, ali kumpopi, kondakitala wa minibasi anabwera naye Luse atamugwira kolala, mabondo atasupuka.

"Ba mayo, uyu ni wanu? Tasala pang'ono kumuponda pa museu wa ku Chunga. Mailo muzamutola mu saka." Anamukankhira kwa amake. "Ngati siakumva, mangani. Mbuzi bamanga, nanga uyu?"

Amayi a pampopi anavomereza ndi mitu. Wina anati amadziwa mneneri kukomboni ya George.

Lolemba m'mawa Luse anavala yunifolomu. Philomena anamasula chingwe choyanikira zovala, nakulunga kansalu pakakolo ka mwanayo, namumanga kumwendo wa bedi. Anasenza dengu lake natuluka.