Zala Zinayi pa Mkono wa Abambo

Kwawo ankamutchula kuti Mzime chifukwa ndiye anabadwa womaliza, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka imvi zinayamba kusuzumira m'mutu. Anali telala. Makina ake ankakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa mkulu wokonza mawotchi ndi mayi wogulitsa ulusi. Koma abambo ake atagwa ndi sitiroko, mkono ndi mwendo wa kumanja n'kufa, pakamwa n'kupotoka, achimwene ake anagamula nkhani asanatuluke n'komwe pageti la chipatala.

"Mwana wamkazi ndi iwe. Komanso makina amanyamulika, ofesi yanga sinyamulika."

Makina anasamukiradi pabalaza, pafupi ndi chitseko cha chipinda cha wodwala. Zaka ziwiri zinatha Mzime akuwatembenuza abambo maola awiri alionse, kuwasambitsa, kuwasintha thewera, kuwapaka mafuta pamsana kuti asachite zilonda, n'kumaponda makina m'timipata totsala. Makasitomala anayamba kuchepa, poti ena ankati zovala zikumabwera ndi fungo la mkodzo. Abambowo kale anali kapitawo woopedwa pa fakitale ya matabwa, koma pa mawu awo onse matenda anawasiyira limodzi lokha: "Iwe." Akafuna madzi, iwe. Akadziipitsira, iwe.

Tsiku lina m'mawa akuwamwetsa phala, abambo anakankha mbale ndi dzanja lamoyo lija, phala n'kukhuthukira pa zofunda zimene Mzime anali atangoyala kumene. "Iwe," anatero. Mzime anangozindikira atawagwira mkono pamwamba pa chigongono, akuwagwedeza ngati thumba, mano atalumana. Atawasiya, abambo ankamuyang'ana ndi diso lamantha, dovu likutsika pachibwano.

Lachisanu namwino woyendera odwala m'makomo anawapinda malaya kuti awayeze kuthamanga kwa magazi, n'kupeza zala zinayi zitadindika pakhungu, zakuda bii. Anaziyang'ana, n'kuyang'ana Mzime. Sanakalipe. Analemba kapepala n'kumupatsa.

"Mupite kuchipatala Lachitatu. Chipinda chomaliza mukadutsa kochapira. Mukapezako alangizi."

Mzime anasiya abambo m'manja mwa mayi wa nyumba yoyandikana, n'kupita atavala diresi lake labwino, poganiza kuti mwina kumeneko akamupereka kupolisi. Anapeza kachipinda ka mipando iwiri yosiyana, kabati ya mafayelo, ndi zenera loyang'ana pa zingwe zoyanikapo nsalu za m'mawodi. Mlangiziyo anali mayi wojintcha, wa magalasi olendewera pachingwe, nsapato atavula pansi pa tebulo.

"Khalani, mayi. Muno sitibaya jekeseni. Zimene mulankhule zithera muno, pokhapokha ngati moyo wa munthu uli pachiswe. Zikafika pamenepo ndidzayamba kuuza inuyo ndisanauze wina. Za mkono uja ndamva kwa anamwino. Tsopano ndikufuna kumva za inu."

"Ine ndili bwino."

Anali bwino sabata yoyamba, anali bwinonso yachiwiri. Ankalongosola za mankhwala a abambo, za zilonda, za kuvuta kwa madzi pampopi. Mlangizi ankamvetsera, n'kufunsa pang'ono, kenako n'kukhala chete mpaka Mzime kusowa poyang'ana.

"Ndiye ntchito yanu ndi imeneyi, yongokhala phee?" anafunsa Mzime tsiku lina. "Ndikanadziwa sindikanadzithyola msana ndi makina."

Mlangizi anaseka mpaka magalasi anagwera pachifuwa. "Ndiuzeni, mukufuna chipinda chino chikuchitireni chiyani?"

Mzime anayang'ana zikhadabo zake. "Mundikonze. Ndiziwakonda ngati mmene ana a anzathu amakondera makolo awo."

"Zimenezo sindingalonjeze. Koma tabwererani ku m'mawa uja. Dzanja lanu lisanafike pamkono pawo, munamva chiyani?"

"Phala linatayika."

"Linali loyamba kutayika?"

"Ayi. Limatayika tsiku lililonse." Kenako anawonjezera: "Anati iwe."

Atangotchula liwulo, zina zonse zinatsatira zokha. Umu ndi mmene abambo ankaitanira amayi ake akabwera kuntchito nkhope ili gwa. Sankakuwa. Ankatseka chitseko bwinobwino, n'kuvula wotchi, n'kuiika pakabati. Achimwene anali kusukulu yogonera komweko. Mzime ankalowa pansi pa tebulo n'kukumbatira mwendo wa tebulolo, akuona mapazi anayi okhaokha. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, khofi lina linawagonthetsa amayi khutu la kumanzere, ndipo kwa anthu ankati ndi malungo. Amayi anamwalira atakhala m'banjamo zaka makumi atatu, ndipo pamaliro pawo anthu anayamikira abambo kuti anali mwamuna wosamala.

"Masiku ano ndimaima pachitseko n'kumamvetsera," anatero Mzime, mawu atatsika. "Ndikamva kuti akupuma, mtima umandigwa. Ndimafuna ndipeze atasiya."

Anadikira kuti mlangizi agwire pakamwa. Nkhani ya amayi anayesapo kuiuza azakhali ake, iwo n'kumudula kuti bambo ndi bambo, zakale sakumba. Azimayi a kutchalitchi ankati alimbe mtima, madalitso ali m'tsogolo. Koma mlangizi sanasunthe, ndipo nkhope yake sinasinthe.

"Ndani wina akudziwa zimenezi?"

"Palibe."

"Ndiye tsopano tilipo awiri. Sindikuuzani kuti muwakonde, kapena kuti muwakhululukire. Mkwiyo wanuwo uli ndi pochokera. Koma munthu ali pabediyo sangathe kudziteteza, ndipo za mkono uja zisachitikenso. Ziwirizi n'zoona zonse, tizigwira pamodzi."

Anapangana zochita. Akamva manja akutentha, aziika mbale pansi, atuluke panja, asambe kumaso pampopi, abwerere mtima utatsika. Phala likazizira palibe amafa.

Mzime ankayembekeza kuti atalankhula apepukidwa. Zinali zosiyana. Sabata imeneyo ankalephera kudya. Anadula molakwika nsalu ya yunifolomu za ana a mayi wina, manja onse awiri a mbali imodzi, mayiyo n'kumutukwana pakhomo. Akamasambitsa abambo ankangoona mkono umene unkavala wotchi uja. Lachitatu lotsatira sanapite. Linzakelo anapita, koma anakana kukhala pansi.

"Mwanditumbula chithupsa n'kundisiya choncho. Ndinali bwino ndisanabwere kuno. Inu mukaweruka mumapita kwanu, ine ndimabwerera m'chipinda chomwe chija."

Mlangizi anavula magalasi. "Mukunena zoona. Ndinathamanga. Ndinakulolani kutuluka muno chilonda chili chotsegula, osakuchenjezani kuti masiku otsatira adzakhala owawa. Ndinalakwa, pepani."

Mzime anali atakonzekera mkangano, ndipo anasowa pouika. Sanakumbuke munthu wamkulu amene anamupepesapo chibadwire. Anakoka mpando n'kukhala.

Kuyambira pamenepo anayenda pang'onopang'ono. Masiku ena sankatchula n'komwe za abambo. Ankakamba za mwamuna amene ankafuna kumukwatira kale, iye n'kumukana chifukwa tsiku lina anamuona akutseka chitseko mofatsa. Kawiri konse manja anamutentha, kawiri konse anaika mbale pansi n'kutuluka. Kachitatu anaiponya kukhoma mbaleyo, ndipo anakanena yekha asanafunsidwe.

"Mwatopa," anatero mlangizi. "Kulankhula muno sikungalowe m'malo mwa tulo, kapena mwa munthu wokulandirani ntchito. Achimwene anu munawapemphapo?"

"Sapemphedwa amene aja."

"Tiyeni tiyese. Ine ndikhale iwo."

Anayeserera masabata awiri. Poyamba Mzime ankati akangoti "achimwene" n'kuyamba kupepesa. Mlangizi ankamubweza: mukupepesa chiyani? Loweruka lina masana anakwera basi n'kupita.

Anawapeza achimwene akutsuka galimoto pabwalo. Alamu ake, akazi a achimwenewo, anamupatsa mpando pakhonde n'kulowa kukatereka tiyi. Mzime ananena zimene anakonzekera, osachotsapo: kuti watopa, kuti anawavulaza abambo, kuti akufuna masiku awiri pasabata wina azikhala nawo. Ananenanso za tebulo, za wotchi, za khutu la amayi.

Achimwene anafinya chinsanza nthawi yaitali. "Ndiye nkhani za m'nyumba mwathu ukukaziyala kwa mlendo?"

"Kwa abale ndinayesa."

"Munthu ali pafupi kufa, iwe ukumuvula pagulu." Anaponya chinsanza m'ndowa. Atalankhulanso sanamuyang'ane. "Ukuganiza kuti patchuthi ine ndinalibe makutu? Ukuganiza n'chifukwa chiyani sindipondako kumene kuja? Ine ndinatseka zimenezo kalekale. Iwe ngati ukufuna kuzitsegula, tsegula wekha."

Analowa m'nyumba. Tiyi sanamwedwe. Mzime ali pageti anamva mapazi kumbuyo. Anali alamu, akupukuta manja pa epuloni.

"Ndamva zonse, alamu. Ndizibwera Lolemba ndi Lachinayi. Awa ndithana nawo ndekha."

Anabweradi. Masiku awiriwo Mzime ankabwereka makina a mnzake pakhonde la sitolo lija, n'kumasoka pakati pa phokoso la anthu. Achimwene anasiya kuyankha foni yake. Ana awo, amene kale ankabwera kudzayezetsa zovala, sanaonekenso. Atadandaula kwa mlangizi kuti uphunguwu wamulanda mlongo wake yekhayo, mlangizi sanatsutse. Anati n'kutheka, ndipo n'zopweteka, n'kumufunsa ngati akanakonda akanapanda kupita. Mzime anaganiza nthawi yaitali, n'kunena kuti sakudziwa.

Abambo anamwalira patatha miyezi isanu, Lachinayi masana, alamu akuwapukuta kumaso. Uthenga unamupeza Mzime akusoka zipi pa thalauza la mwini sitolo. Anamaliza kaye zipiyo, n'kudula ulusi, n'kunyamuka. Pamaliro anzawo akale a kufakitale anayamikira kapitawo wolungama, wosamala banja. Mzime sanalire, ndipo anamva azimayi kumbuyo kwake akunong'onezana kuti mtima wake ndi wa mwala. Achimwene anapereka moni kwa anthu onse a pamzere, atafika pa iye n'kuyang'ana kumbali.

Patatha sabata ziwiri anapita kuchipinda chomaliza chija.

"Anapita," anatero. "Munthu amene munkamuteteza kulibe. Ndiye ndingosanzika."

"Ndinkawateteza, inde. Koma amene ndinkakumana naye muno ndi inu. Mukafuna kusiya, mukhoza. Mukumva bwanji?"

"Ndinkayesa ndidzapepuka. Ndikudzukabe maola awiri alionse. Nyumba yonse ili zii, achimwene ndilibe, ndipo sindikudziwa ngati ndinawalira abambo kapena ayi." Anapotokola chogwirira cha chikwama chake. "Pali china. Miyezi yonseyi ndakuuzani za amayi, koma ndangokuuzani mmene ankamenyedwera. Ngati kuti moyo wawo wonse unali womwewo."

"Anali munthu wotani?"

Mzime anafufuza m'mutu mwake nthawi yaitali, ndipo zinamuopsa kuti akupeza zochepa chonchi.

"Ankakonda mpira," anatero potsiriza. "Palibe ankadziwa. Loweruka masana akatsala okha ankatsegula wailesi kukhitchini, akusenda anyezi. Timu yawo inali yoluza chaka chilichonse. Ankatukwana oyimbira mpira, mawu oti simungakhulupirire kuti akutuluka pakamwa pa mayi wa kwaya. Tsiku lina timuyo inagoletsa, iwo n'kudumpha, poto yense pansi."

Anayamba kuseka, kusekako n'kupotoka pakhosi, n'kukhala china. Anawerama, nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Mlangizi anamusunthira kabokosi ka mapepala opukutira. Panja pakhonde wodwala wotsatira anatsokomola, n'kukoka benchi. Mlangizi anadzuka osavala nsapato, anasuzumira pachitseko n'kumupempha kuti adikire pang'ono, n'kubwerera pampando wake.