Tsiku Lotsegula Madzi Owawa

Kuchipululu cha Rann, kumene anthu amapanga mchere m'maiwe, munthu akafuna kudziwa tsiku lotsegula madzi owawa ankaitana a Karamshi. Mchere ukatha kukhazikika pansi pa dziwe, pamwamba pamatsala madzi owawa osabalanso kanthu. Ukawatsegula msanga wataya mchere. Ukachedwa, mchere wa miyezi isanu umawawa ngati ndulu ndipo wogula amangoulavula. A Karamshi ankaviika chala, n'kunyambita, n'kutsinzina, kenako n'kulamula kuti "mawa" kapena "dikirani." Zaka makumi atatu sanaphonyepo, ndipo ankayenda mapewa ali m'mwamba.

Koma tisabisirane, lilime lawo linafa kalekale ndi fodya wotafuna. Tiyi wa shuga ndi wopanda shuga ankamwa mofanana, n'kuyamikira. Amene ankagwira ntchitoyo anali mapazi a akazi awo, mayi Labhu. Mapaziwo anali ndi ming'alu ya mchere yozama, ndipo madzi akafika pake ming'aluyo inkaluma mwa mtundu wina. Mayi ankasiya chokokolera, n'kutuluka m'dziwe, n'kukhala pamtumbira akufinya chidendene. Bambo potsinzina paja ankasiya kampata kudiso lakumanzere. Akaona mayi atuluka ankati "mawa." Awiriwa nkhaniyi sanaikambepo, ngakhale ali okha m'chisakasa chawo.

Chaka chimenecho bungwe la opanga mchere linabwera ndi zatsopano. Madzi owawa asatayidwenso m'chipululu, kumene ankalowa m'zitsime za anzawo ndi kupsereza udzu wa abulu am'tchire. Aziwasunga m'dziwe lapadera, galimoto izidzawatenga kupita nawo kufakitale yopanga potashi wa feteleza. Koma fakitaleyo inali ndi makani ake: madzi akakhala osakhwima bwino inkawabweza, ndipo mabanja khumi ndi awiri a mumzere wa maiwe wa a Karamshi akanachotsedwa m'kaundula, n'kuyambanso kutaya madzi monga kale. Bungwe lomwelo linagawanso majombo kwa aliyense. A Karamshi ndi amene anawomba m'manja kwambiri pamsonkhano, osaganiza kawiri.

Mmawa wa tsiku loyeza kunabwera mayi wakubungwe, dzina lake Hetal, atanyamula kagalasi koyandama koyezera madzi. Mabanja onse anasonkhana padziwe la a Karamshi, ena mikate ya mchewere ili m'manja.

"Kagalasiko kabwezeni m'chikwama, achemwali, kangasweke," anatero a Vashram, oyandikana nawo, munthu wa pakamwa posatseka. "Kuno tili ndi lilime. Achimwene, awonetseni."

"Palibe vuto, amalume ayambe," anayankha Hetal. "Ine ndiyeza pambuyo."

"Pambuyo pa chiyani? Akanena iwowa yatha."

A Karamshi ananjuta, naviika chala, nanyambita. M'kamwa munangomveka kunyowa, monga masiku onse. Anatsinzina n'kusiya kampata kaja. Mayi Labhu anali pakati pa dziwe m'majombo obiriwira, akukokola mchere mosatekeseka, mpaka kuimba kanyimbo chapansipansi. Mwezi wathunthu majombo ali m'nyumba, lero ndi pamene bambo ankazindikira chimene anaombera m'manja.

Anaviikanso chala. Anasuntha mapazi khumi n'kuviikanso.

"Achimwene, mukuyeza kapena mukudya?" anafunsa a Vashram. "Ngati kunyumba sanakupatseni chakudya nenani, ndili ndi adyo ndi tsabola pano."

"Madzi a chaka chino ndi ochenjera," anatero a Karamshi, thukuta likutsikira m'ndevu. "Safuna kuthamangira."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunafika kwa mayi Labhu. Anadzutsa mutu, nayang'ana amuna awo, nayang'ana majombo awo. Mkazi amene wakhala nawe zaka makumi atatu sasowa kumuuza kawiri. Anatuluka m'dziwe pang'onopang'ono n'kukhala pamtumbira pafupi ndi bambo.

"Mwalowa kamwala m'jombomu," anatero mokweza kuti onse amve. "Komanso zimatentha izi. Ndingovula ndimalize opanda."

Anakoka jombo lakumanja, phazi linatuluka. A Karamshi anali asanaliyang'ane phazilo masana kuyambira pamene majombo anabwera. Ming'alu inali itatsekeka. Pachidendene panali khungu latsopano, lofewa, lofiirira ngati la khanda, ndipo panangotsala mng'alu umodzi wosapola bwino. Umodziwo unali wokwanira. Mayi akanangoponda m'madzi, mchere ukanautsegula, iwo akanamva kuluma, ndipo dzina la a Karamshi likanapulumuka chaka china. Bambo anaziwerengera zonsezi msanga, pakuti munthu wa manyazi amaganiza mothamanga, ndipo anachita manyazi ena oposa oyambawo.

"Valani, amake Dakhu."

"Ndati mwalowa kamwala."

"Kamwalako kutumulani, koma jombo valani."

A Karamshi anatembenukira anthu. Mawu anatuluka aang'ono kusiyana ndi masiku onse. "Ine sindikudziwa ngati madziwa akhwima. Lilime langali silimva kanthu kuyambira Dakhu asanabadwe. Amene ankadziwa ndi awa, ndi mapazi awo. Ine ndinkangoonera."

A Vashram anakhala pansi chifukwa cha phwete.

"Ndiye mbuzi ija ndinakupatsani chaka chimene mvula inabwera msanga, ndinkathokoza lilime lakufa? Alamu, mbuziyo inali yanu, muwalipiritse."

"Anadya okha chiwindi," anatero mayi Labhu, maso ali pansi.

Hetal analuma mlomo kuti asaseke, naviika kagalasi kake m'chitini cha madzi. Anati atsegule pakapita masiku awiri, ndipo anthu amene dzulo akanafunsa a Karamshi ngati kagalasiko sikakunama anangogwedeza mitu n'kumuzungulira, aliyense akufuna kuti ayambire dziwe lake. Palibe amene anacheukira bamboyo. Zinawapweteka ndithu, asakunamizeni munthu.

Anatsala awiri pamtumbira. Jombo linali likadali pansi. A Karamshi analitola, naligwedeza kuti kamwala kosakhalako kagwe, kenako anagwada n'kuyamba kuwaveka akazi awo, chinthu chimene mwamuna wa kumeneko sachita anthu akuona. Analowetsa mokhotakhota, mayi n'kuwamenya padzanja kuti awongole.

"Zaka zonsezi," anatero mayi chapansipansi, "ndinkayesa simuona kuti zimapweteka."

A Karamshi anakankha chidendene mpaka chinalowa.

"Ndinkaona," anatero. "Ndi zomwezo ndinkadikira kuti ndione."

Mayi anaimirira, naponda kawiri kuti jombo likhazikike, nabwerera m'dziwe.