Zakuda za Justina

Manasseh Ngulube anamwalila mu Ogasiti, cimanga cili m'nkhokwe. Tsiku lotsatila maliro ake, mlongo wake wamkulu, Evelina, amene ankakhala pamudzi pomwepo, anabwelako ku Boma la Lundazi ndi madilesi awili akuda ndi maduku awili, n'kupatsa mkazi wamasiyeyo.

"Muvala izi, mlamu, mpaka tidzaike mwala pamanda caka camawa," anatelo Evelina.

Justina Zimba, amene onse ku Magodi ankamuchula kuti aNyaZimba, anali ndi zaka makumi anai ndi zisanu ndi zinai. Anakwatiwa pamudzipo ali mtsikana, ng'ombe za malowolo zinapita kwao kalekale, ndipo ana ake atatu anali a kwa Ngulube. Analibe kwina kopita. Analandila zovalazo ndi manja awili. Nsalu yake inali yokhuthala, yotelela, yosalowa mphepo.

Kutentha kunamuyamba mu Okutobala. Kunkayambila pacifuwa, kukwela m'khosi mpaka kumaso, ngati wina wamuyandikizila mbaula. Mtima unkagunda, thukuta n'kutsika kumsana, dilesi n'kumamatila. Pakapita kanthawi ankayamba kuzizidwa. Zinkacitika kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ndipo tulo sankatipeza bwino. Anayamba kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono, monga nkhuku yolowa m'nyumba, ndipo mawu ankamuthawa ali pakati polankhula.

Tsiku lina azimayi a pamudzipo anakhala pakhonde la Evelina akusenda nshawa za mbewu. Evelina anayamba kukamba za Manasseh, mmene ankasankhila mbewu yekha osalola munthu kukhudza. Pomwepo kutentha kunamugwila Justina. Anayesa kupilila, koma thukuta linayamba kudonthela m'lichelo. Anadzuka, kuthamangila kuseli kwa nyumba, kuvula duku ndi kudzithila madzi a mumgolo kumutu. Atatembenuka anapeza Evelina ataima, akumuyang'ana.

Evelina anabwelela pakhonde n'kupitiliza kusenda nshawa. Koma m'sabata yomweyo Justina anaona kuti akafika pamjigo nkhani zimaduka. Anamva kuti mayi wina ankati wamasiye wotuluka thukuta akamva dzina la mwamuna wake ali ndi zimene akudziwa. Wina ankati ndi mzimu wa malemu.

Lamlungu masana Evelina analowa m'nyumba ya Justina n'kutseka citseko.

"Mlamu, ndifunse. Kale mukakhala kumwezi munkaitana ine kuti ndikuthilileni mcele m'ndiwo. Kuyambila Julayi simunandiitane. Muli ndi pakati?"

Justina anakhala pansi pamphasa. "Ine, pa msinkhu uno?"

"Zimacitika. Ngati ndi ya mlongo wanga, nenani, tisangalale. Ngati ndi ya wina, nenaninso, anthu asanayambe kuwelenga miyezi."

"Palibe mwamuna wandikhudza, alamu. Kusambako kwangoleka. Nanenso sindidziwa."

"Ndiye mawa tipita ku kiliniki."

Anayenda wapansi maola awili, Evelina kutsogolo, Justina kumbuyo m'zakuda zake. Panjila kutentha kunamugwila kawili, koma sanapemphe kupuma.

Nesi anali mayi wacikulile wovala magalasi. Anafuna kuti Evelina adikile panja, koma Justina anati alowe, adzimvele yekha. Nesiyo anamupima Justina mkodzo, magazi ndi kuthamanga kwa mtima, n'kumufunsa mafunso ambili.

"Amama, mimba mulibe," anatelo nesi. "Mwafika posiya kusamba. Kutenthaku, kusowa tulo, kupsa mtima, zonse zicokela pamenepo. Si matenda. Ena zimawatenga zaka zingapo."

"Zaka?" anafunsa Justina.

"Ena zaka, ena miyezi. Muzimwa madzi ambili. Cepetsani tiyi wotentha ndi tsabola. Kukayamba, khalani pamthunzi, muzipuma mpweya pang'onopang'ono. Zikakula mubwelenso, tidzaona zocita." Kenako anagwila mkono wa dilesi ndi zala ziwili. "Koma ici ndiye cikukuphikani. Valani za thonje, zopepuka. Kumutu kuzipita mphepo."

Justina anayang'ana Evelina. Evelina anayang'ana kalendala ya pakhoma.

Pobwelela anakhala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa njila. Evelina anamasula botolo la madzi n'kumupatsa.

"Nanenso zinandicitikila," anatelo Evelina mosamuyang'ana. "Zaka zinai. Ndinkagona pansi pasimenti. Sindinauze munthu."

"Ndiye munadziwa, alamu."

"Ndinaganiza. Koma anthu ankalankhula, ndinafuna pepala la kukiliniki."

"Pepala mwaliona. Mundilole ndisoketse dilesi lina lakuda la nsalu yopepuka. Lakuda ndithu."

Evelina anapukusa mutu. "Awa anagulidwa ndi banja, amalume anawaona. Mukasintha adzati mwayamba kudzikongoletsa. Miyezi isanu ndi inai si yambili."

"Nanga muwauza azimayi aja zimene nesi wanena?"

"Ndidzati mulibe mimba. Zinazo n'zacikazi, sizilengezedwa pamjigo."

"Koma za mzimu ndi zoti ndikubisa kanthu, zimenezo zilengezedwa."

Evelina anadzuka, kukutumula citenje cake. "Tiyeni, dzuwa likupita."

Nkhani ya mimba inatha. Zinazo zinatsala. Azimayi ena anasiya kubwela kudzapala moto kwa Justina, ndipo kuchalichi ankakhala pa benchi ya kumapeto, pafupi ndi khomo, kuti azituluka msanga. Tiyi anasiya. Anaphunzila kunyowetsa kansalu ndi kukaika mkati mwa duku, ngakhale kankauma asanafike kumunda.

Mwana wake wamkazi, Linah, anaimba foni kucokela ku Chipata kuti amayi apite akapume kwa iye. Amalume a malemu anayankha kuti wamasiye sagona kunja kwa mudzi mwala usanaikidwe.

Malo amodzi okha anamutsalila. Kumunsi kwa dimba lake la lepu kunali mabango aatali, ndipo kuseli kwake kunali kacitsime kothilila. Mvula itayandikila, ankapita kumeneko masana anthu ali m'nyumba. Ankavula duku, kumasula mabatani a dilesi mpaka m'ciuno, n'kukhala pamwala miyendo ili m'madzi. Ankakhala conco mphindi zocepa, khutu lili kunjila. Akamva belu la njinga kapena ng'ombe zikutsika kudzamwa, ankamanga mabatani msanga, kuvala duku, n'kutola keni yothilila.