Lamba Wakuda

Ku kampani yosamutsa katundu wa m'nyumba aliyense ankabwera ndi lamba wakewake, uja wokoleka m'mapewa n'kumukolowetsa pansi pa firiji kapena kabati, anthu awiri n'kumakwera nazo masitepe. Mwamuna wa Sisi yekha ndiye ankabwera ndi chingwe cha nayiloni, chabuluu, chodya mapewa. Anzake sanachedwe, dzina anamupatsa lomwelo.

"A Chingwe, eti madamu anu amasoka zikopa? Kapena amasokera amuna a eni okha?"

Iye ankangoseka nawo. Koma akafika kunyumba n'kuvula shati, Sisi ankaona mizere iwiri yofiira ikutsika m'mapewa, pena itachita matuza. Ndipo ntchitoyo sinali yake ayi, anali pa trial. Kapitawo anali atanena kuti mwezi ukatha asankha munthu mmodzi womulemba permanent. Mwamunayu anayamba kusaka ntchito mwana wawo akukwawa, pano mwanayo akupita kusukulu. Ndiye mukuona nokha kuti sizinali zoseweretsa.

Sisi ankagwira ntchito pashopu yosoka zikopa ya bambo ake, kachipinda kamalata kuseri kwa magalaja. Madalawo maso anali atayamba kuchita chifunga, koma zala zinkaonabe. Kunalinso achimwene ake, amene chikopa sankachikhudza n'komwe. Iwo dipatimenti yawo inali foni, kujambula, kuposta ndi kulandira ma order.

Chikopa chosokera lamba wa mwamuna wake Sisi anakasankha yekha. Anatembenuza mulu wonse mpaka wogulitsa anayamba kupumira m'mwamba. China chinali ndi timabowo ta nkhupakupa, anachikankhira uko. China chokongola pamwamba, koma kunsi mpeni wa wosenda unali utalowa kwambiri. Wogulitsa anayesa kumunyengerera ndi zidutswa za pamimba, zofewa, zotchipa.

"Za pamimba zimatamuka ngati lasitiki," anatero Sisi. "Mukufuna firiji izikafika m'mawondo?"

Anatenga cha ng'ombe yaikulu, chochindikala, chofufutidwa ndi makungwa, ndipo lambayo anamudula motsata msana, pomwe chikopa chimakhala chouma mutu. Madala anayendetsapo chala chachikulu kuchokera uku mpaka uko.

"Ichi ndiye chikopa, mwanawe. Paka mafuta basi. Mtundu adzaupeza yekha ndi thukuta la mwini wake."

Achimwene anadzutsa mutu pafoni. "Madala, brown wotuwa ameneyu pachithunzi amaoneka ngati mbuzi yodwala. Anthu akufuna black. Sisi, mudaye ameneyo, alamu akavale, ine ndijambule. Uona ngati kampani yonse ija sibwera pano."

"Firiji imaona mtundu?" anafunsa madala.

"Firiji siyigula lamba, madala."

Sisi za business za achimwene analibe nazo ntchito. Iye m'mutu mwake munali pakamwa pa anyamata a ku kampani aja. Ankafuna lamba woti mwamuna wake akangomutulutsa m'chikwama, onse aja akhale chete ngati alowa m'tchalitchi.

Pansi pa tebulo pankakhala chidebe cha misomali yadzimbiri yoviikidwa mu viniga, fungo lake loboola mphuno. Chikopa cha makungwa ukachiviika mmenemo chimada mpaka mkati, sichisuluka ngakhale mvula ichite kukwiya. Koma chili ndi malamulo ake. Umaviika kamodzi, umatsuka bwinobwino m'madzi a soda kuti ukali wa viniga ufe, umayanika pamthunzi chiume mwaulesi, kenako mafuta. Sisi izi anazidziwa asanadziwe n'kuwerenga komwe.

Tsiku lodaya lambayo madala anali atapita kukaonetsa maso kuchipatala. Sisi anaviika lamba, anatuluka wotuwa ngati khoswe. Ankadziwa kuti akalandira mafuta ada bwino, ankadziwa ndithu. Koma anaona kale anyamata aja akuti, a Chingwe abwera ndi mchira wa khoswe. Anamubwezeramo. Panabwera mayi wina ndi chikwama choduka chogwirira, wolongolola, ndipo mmene ankachoka lamba anali atamwa mpaka kukhuta. Anatuluka wakuda bii, wokongola mochititsa mantha.

Kachitini ka soda kanali katatsala pansi penipeni. Anakagogoda, n'kutsuka ndi tomwe tinagwato. Foni inalira, meseji ya mwamuna wake: mawa tili ndi nyumba ya masitepe ambiri, kapitawo akhalapo, lamba uja watheka? Sisi anayang'ana pamthunzi, anayang'ana dzuwa. Anakwera pampando n'kumuponya lambayo padenga, pamalata otentha oti ungakazingirepo dzira. Kamodzi kokha, anadziuza, chikopa chake n'cholimba ichi.

Pofika madzulo anali atauma gwa. Anamupaka mafuta, anasokerera zitsulo, anamupukuta mpaka kuwala.

Ndipo zinayenda, nanga n'kunama? Anyamata aja anachita kumupatsirana lambayo m'manja. Kapitawo anamukoka, n'kugwedeza mutu, n'kunena kuti uyu ndiye munthu wa serious. Achimwene anajambula alamu awo atatembenuka msana, chithunzi chinayenda m'magulu, ma order anayamba kugwa. Onse black. Mapewa a Chingwe anapola. Ankabwera kunyumba akuimba kamluzu, mpaka anayamba kufunsa mitengo ya nyumba za zipinda ziwiri.

Tsiku lina akumupachika pamsomali anati, "Mayi a mwana, lambayu akumalira popindika apa, pafupi ndi chitsulo. Ngati nsapato yatsopano."

"Wa quality amatero," anayankha Sisi, maso ali pa mbale zomwe ankatsuka.

Sisi anamuyang'ana ndithu lambayo mwamunayo atatuluka. Sanaone kanthu. Pachikopa cha brown timing'alu timaoneka msanga, timayera. Chakuda chimabisa zonse. Viniga amene sanafe uja anali akudya mkati mwakachetechete, thukuta likumuthandiza, dzuwa la padenga lija litachita kale mbali yake.

Sabata yomaliza ya mwezi anakanyamula firiji ya zitseko ziwiri, yaitali kuposa munthu. Chingwe anali kumtunda, mnzake kumunsi. Pokhota masitepe, pomwe kulemera konse kumabwera kwa munthu mmodzi, lamba anangoti phwa pachitsulo pomwe paja. Mnzakeyo anadziponya kukhoma, mwayi wake. Firiji inatsika yokha mpaka pansi, chitseko kwina, magalasi kwina, mwini wake atagwira kumutu.

Kapitawo sanakalipe. Anatola chidutswa cha lamba, anachiyang'ana, n'kumupatsa.

"Ndi chingwe chako chija sunagwetsepo ngakhale sipuni. Mawa usavutike n'kubwera."

Ntchito anapatsidwa wina, wa lamba wakale wothimbirira wogula pakaunjika.

Chingwe anafika pashopu dzuwa likadali pamutu. Anaika zidutswa ziwirizo patebulo, mwaulemu, ngati akupereka kwa dokotala. Anafotokoza mwachidule. Madala anatenga chimodzi, anachinunkhiza, anachipinda pafupi ndi khutu. Chinathetheka ngati bisiketi. Anakweza nkhope kuyang'ana kudenga, nthawi yaitali, ngati maso awo odwalawo akuona kudutsa malata.

"Ndiyesa chitsulo chinakodwa pakona ya sitepe," anatero Chingwe, osayang'ana mkazi wake. "Ndi ine, sindinakhote bwino."

"Eya," anayankha madala. "Makona a nyumba za masiku ano."

Achimwene anakanda kumutu. "Sorry kwambiri alamu, zoona. Koma nkhaniyi isapite pagulu, please. Tili ndi ma order, anthu akangomva kuti unali wathu ndiye tatha."

"Musadandaule alamu. Ndilibe bundle."

Bola akanamutukwana. Bola madala akanamenya tebulo, kapena mwamuna wake akanamufunsa pamaso pa onse kuti unamutani lamba ameneyu. Sisi anali ndi yankho lake lokonzeka pakhosi, koma palibe amene analifuna. Mmawa mwake anapeza paketi yaikulu ya soda ili pamalo pake pogwirira ntchito, yosatsegula. Madala anali pakona akunola mpeni.

Chikopa chija chinali chitatsala mbali inayo ya msana. Sisi anadulapo lamba wina. Sanamuviike mu chilichonse. Anamupaka mafuta pang'onopang'ono, namugoneka pamthunzi, tsiku ndi tsiku akumutembenuza ngati wodwala, uku akudaya malamba akuda a makasitomala a achimwene, kamodzi kamodzi, soda wambiri. Amenewo ndiye adzakhalitsa, a anthu osawadziwa n'komwe.

Chingwe anali atabwerera pamphambano paja pamene amuna amaima mmawa kudikira lole iliyonse yofuna onyamula. Lamba atatheka, Sisi anamudikirira mwamuna wake pakhomo, iye akumanga nsapato.

"Bambo a mwana, tengani uyu. Sanadayidwe. Madala amuona, akuti ali bwino."

Anamulandira ndi manja awiri. Anamupinda, anamukoka, anayendetsapo chala monga amachitira apongozi ake.

"Wabwino kwambiri. Zikomo, mayi a mwana."

Anamupachika pamsomali kuseri kwa chitseko, bwinobwino, kuti asakhudze pansi. Pamsomali womwewo anachotsapo chingwe chabuluu chija, anachikulunga, n'kuchiponya paphewa.

"Lero mwina ndichedwa," anatero, n'kutuluka.