Mayeso Obwereza a Ruqaiya

Ruqaiya anabwerera kwawo ku Ndunde ali ndi nkhani imene sanauze ngakhale mayi ake. Anali atalephera masamu a kompyuta ku yunivesite, ndipo mayeso obwereza anali Lolemba la sabata yotsatira. Akalepheranso, sukulu yathera pomwepo.

Funso limene linamugwetsa linkafuna umboni wakuti pulogalamu ina yowonkhetsa manambala imapereka yankho lolondola pa nambala iliyonse. Iye anayesa manambala makumi asanu, onse nkutuluka bwino. Wochonga anangolemba ndi inki yofiira kuti, "Zitsanzo si umboni."

Anatha masiku anayi ali pakhonde ndi kope, chakudya osachimva kukoma. Manambala satha, nanga munthu angawayese bwanji onse? Loweruka m'mawa anakwera kabaza kupita ku Mauwa kwa a Funsani, amene anamuphunzitsa masamu ku sekondale asanapume pa ntchito. Anawapeza kudimba akuthirira mpiru.

"Aphunzitsi, ndithandizeni. Ndatha ine."

A Funsani anawerenga funsolo kawiri nkumubwezera pepalalo. "Mwana wanga, ine kompyuta sindinaigwirepo."

Ruqaiya anakhala pansi m'matope momwemo nkuyamba kulira. Kwina kopita kunalibe.

Kenaka bambowo anatenganso pepala lija. "Tadzuka. Ukuwaona mabediwa? Tinene kuti bedi lililonse likadzaza, madzi amasefukira m'lotsatira mpaka nalo kudzaza. Ine ndadzaza loyamba. Louma likhala liti?"

"Palibe."

"Ngakhale mabediwo atakhala osatha?"

Ruqaiya anapukuta misozi.

"Onetsa kuti zikutheka pa wani," anatero a Funsani. "Ukatero onetsa kuti zikatheka pa nambala ina iliyonse, zithekanso pa yotsatira. Basi."

Pakamwa zinali zophweka. Polemba analakwitsa kasanu, a Funsani nawonso akusokonezeka, kufufuta, kuyambiranso, mpaka dzuwa linapendeka onse osadya.

Lolemba pamayeso, funso lotere linabwera kumapeto. Analemba gawo loyamba, koma lachiwiri nthawi inamuthera ali pakati. Anatuluka m'chipindamo akuti basi zake zada.

Patatha masabata atatu, zotsatira zinamupeza pafoni ali pamzere kuchigayo. Anali atakhoza, ndi malikisi awiri okha pamwamba pa malire. Anatsamira khoma, mpaka mayi wina anatula thumba lake nkumufunsa ngati akudwala.