Masitepe Khumi Kuchokera pa Galimoto

Mphunzitsi wa galimoto ankadana ndi phokoso. Ankati wophunzira azimva injini ndi makutu ake kuti adziwe yekha nthawi yosintha giya. Ndiye poti Mulungu safuna munthu akhale wopanda chomuyesa, anamupatsa mng'ono wokonda nyimbo, mmisiri womanga nyumba amene aliyense ankangomutchula kuti Chimbale.

Chimbale anali ndi kachipangizo ka nyimbo, kakang'ono ngati bokosi la machesi, ndipo sikankachoka m'thumba la ovolosi yake. Tsiku lina anakalumikiza ku wailesi ya m'galimoto ya mkulu wakeyo popanda chingwe, wailesi n'kukazolowera ngati galu ndi mbuye wake. Iye akangofika masitepe khumi kuchokera pa galimoto, wailesi inkalira kawiri kuti tii, tii, nyimbo n'kuyambira pomwe inalekezera. Akamatalikira, nyimbo inkayamba kudukaduka, kenako tii, tii, basi zii. Madzulo alionse mphunzitsi ankakamutenga kuntchito n'kumukhazika kumbuyo pa katoni, kuti asadetse mpando wa ophunzira ndi simenti. Mayi awo, omwe ankakhala nawo nyumba imodzi, ankamva nyimbo galimoto isanakhote n'kudzuka kukatsegula geti.

Lachiwiri lina m'mawa anakangana pa nkhani yopanda mutu. Mu wailesi munali nyimbo yachibwana ya bambo wodandaula kuti nsapato zikumuthina, ndipo Chimbale ankalankhula mopikisana nayo, kufotokoza za dzenje lakuya lomwe ankakumba kuseri kwa mashopu atsopano, loti makoma ake ankangogumuka koma kapitawo sankafuna kumva za matabwa otchingira. Mphunzitsi sanamve n'theka lomwe. Anamenya batani, woimba n'kudukira pakati pa mawu, kenako anaimitsa galimoto n'kuuza mng'ono wake kuti atsike akamalize ulendo wapansi ndi phokoso lakelo. Chimbale anangoseka, anamenya denga la galimoto kawiri, n'kumapita.

Madzulo sanapezeke. Kapitawo anati mnyamata wanuyo wachoka masana osatsanzika. Apolisi analemba zonse m'buku, kenako anafunsa ngati anali ndi chibwenzi. Mayi anagwira funso limenelo ndi manja awiri: mwana wawo wathawa ndi mkazi, manyazi akatha abwera. Loweruka lililonse ankachapa zofunda zake, ngakhale kuti panalibe wozidetsa.

Mphunzitsi sankagona tulo, chifukwa ankadziwa kuti mawu omaliza amene anauza m'bale wake anali akuti tsika. Ndiye munthu wodana ndi phokoso uja anayamba kuyenda wailesi ili yoyatsa, ili phee, kudikira kulira kawiri kuja. Ophunzira ankawalowetsa m'tinjira topanda ntchito, kuseri kwa mabala, pafupi ndi chipatala, m'mbali mwa mpanda wa ndende, akumawanamiza kuti dalaivala weniweni amaphunzirira m'makumbi. Batire la kachipangizoko linkangokhala masiku awiri, ndipo tchaja chake chinali chikadali pakhoma m'chipinda cha Chimbale. Choncho masamu ake anali achidule: nyimbo ikadzalira, ndiye kuti pali wina akukatchaja, ndiye kuti mng'ono wake ali moyo.

Panapita masabata asanu ndi limodzi.

Mwa ophunzira ake munali telala wina, mayi wosoka mayunifolomu, wa pakamwa posauma, yemwe ankayenda ndi tepi m'khosi ngakhale pa chiwongolero. Kutsogolo ankayendetsa bwino, koma kubwerera m'mbuyo ankangopita kumene galimoto yafuna. Ndi iyeyu amene ananena kuti malata otchinga mashopu atsopano aja achotsedwa, ndipo kuseri kuli bwalo lalikulu la konkire lopanda galimoto ngakhale imodzi, poti mashopuwo sanatsegulidwe. Mphunzitsi anali atafikako kangapo kale, koma nthawi zonse ankathera kumsewu, kunja kwa malata. Sanafune kupitako, koma analibe chifukwa choti n'kumuuza munthu.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Bwalo linali mbee, lopanda mtengo, lopanda munthu, mawindo a mashopu akadali ndi mapepala. Mphunzitsi anaika zigubu zake zinayi zamchenga, anabwerera pampando, n'kuuza telala kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, asiye klatchi pang'onopang'ono. Galimoto inayamba kubwerera mokhota monga mwa masiku onse, inaphonya zigubu zonse, n'kulowera chapakati pa bwalo.

Tii, tii.

Bambo wa nsapato uja anamaliza mawu amene anawayamba masabata asanu ndi limodzi apitawo, gitala n'kupitiriza mwansangala ngati palibe chachitika.

Mphunzitsi anaponda buleki ya mbali yake n'kutuluka chothamanga. Anaitana dzina la mng'ono wake mpaka makoma anamubwezera. Kwa kamphindi anasangalala zenizeni, chisangalalo chopweteka pachifuwa. Kenako anayang'ana bwino. Khoma lapafupi linali masitepe oposa makumi anayi, ndipo pakati ponsepo panalibe poti ngakhale mphaka n'kubisala.

Telala anamva nkhani yonse kwa mphunzitsi. Anatulutsa choko chake chodulira nsalu n'kunena kuti aphunzitsi ayendetse okha, iye aziyenda pansi. Galimoto ikatalikira nyimbo inkaduka, ikabwerera inkayambanso, ndipo paliponse pamene yayambira telala ankalembapo mzere. Anatero mbali zonse zinayi, anatambasula tepi yake kangapo, n'kupeza pakati. Anagwada, anasisita konkire ndi chikhatho monga amachitira ndi nsalu.

"Apa ndi chigamba, aphunzitsi," anatero. "Simenti iyi sinathiridwe tsiku limodzi ndi inzakeyi."

Chinalidi chigamba, chotuwa pang'ono kuposa bwalo lonse, kukula kwake ngati chipinda chosambira. Apa ndi pomwe mphunzitsi anamva bwinobwino zimene mng'ono wake ankanena m'mawa uja, za dzenje ndi matabwa. Pansi pa konkire palibe amene amatchaja kanthu, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Anatenga zigubu zake n'kuziika m'makona anayi a chigambacho. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma iye anali asanaganizepo kuti mwambiwu ungamuimike pamalo ngati amenewa.

Onse awiri anakwera galimoto kuti azipita kupolisi. Telala ankawerenga masitepe chapansipansi pamene ankachoka, kudikira kuti nyimbo iduke. Anafika pa khumi, pa makumi awiri, anatuluka m'bwalo, analowa mumsewu waukulu. Nyimbo ya nsapato inatha, inayamba ina, mawu ake omveka bwino kuposa kale, ngati kachipangizo kali pafupi zedi. Mphunzitsi, yemwe ankalalatira ophunzira tsiku lililonse kuti aziyang'ana pagalasi lakumbuyo, ulendo wonsewo sanayang'anepo. Katoni ija inali ikadali pampando, sanaichotsepo chichokere mwini wake.

Pa mphambano telala anapempha kutsika, ngakhale kuti kwawo kunali kutali. Mphunzitsi anatambasula dzanja kulunjika pa batani, telalayo n'kumugwira mkono.

"Musazimitse. Munazimitsapo kale."

Kupolisi sanapitenso. Manja anakhotetsa okha chiwongolero kulowera njira ya masiku onse, yodutsa pa sitolo ya utoto ndi pa sukulu, ndipo iye ankayendetsa pang'onopang'ono, kuzemba makumbi monga amachitira munthu amene wanyamula wodwala. Njira yonse ankasakasaka mawu oti akauze mayi ake, koma sanapeze ngakhale amodzi. Anachita mantha, osati ndi chimene chinali kumbuyo kwake, koma ndi chimene chinali kutsogolo.

Mayi anali atamva kale nyimbo. Geti analipeza lotsegula, iwo ataima pambali manja ali ndi thovu la sopo, nkhope ikuwala moti mphunzitsi anafuna kubwerera m'mbuyo n'kuthawa. Galimoto isanaime bwino iwo anali atagwira kale chitseko chakumbuyo, akukalipa moseka kuti mwana wopanda khalidwe iwe, mpaka kundidwalitsa chonchi.

Anatsegula. Anayang'ana katoni ija nthawi yaitali.

Sanalire. Anasuntha pang'ono, n'kugwira chitseko chili chotsegula kwa nthawi yokwanira munthu wotopa kutsika. Mphunzitsi anakhala chigwirire chiwongolero, injini ikulira. Nyimbo inapitirira pang'ono, kenako inayamba kudukaduka monga inkachitira Chimbale akamadutsa pa chingwe choyanikira zovala kulowera pakhonde. Kuchokera pa galimoto kukafika pakhomo la nyumba yawo panali masitepe khumi ndi awiri.

Tii, tii.

Mayi anatseka chitseko mosamala, n'kupukuta manja pa diresi.

"Zimitsa injini, mwana wanga," anatero. "Mawa ukandionetse pamene wamutenga."